Oitanidwa ndi Osaitanidwa: Mbiri ya Ogasiti wa ku Edinburgh

Edinburgh, likulu la Scotland, ndi mzinda wa anthu pafupifupi theka la miliyoni, ndipo nthawi zambiri ndi wodekha: wa maloya, madokotala, mabanki ndi aphunzitsi a kuyunivesite, womangidwa ndi miyala yotuwa. Koma ukakwana Ogasiti, mwezi umene eni ake amati kwatentha ngakhale mvula imagwa tsiku lililonse limene yafuna, mzindawo umasanduka wina. Makalasi, matchalitchi, zipinda zapansi pa milatho ndi kuseri kwa mabala, monsemo mumakhala zisudzo kuyambira m'mawa mpaka usiku wa manu. Mlendo amayesa kuti ndi chikondwerero chimodzi chokhala ndi mwini mmodzi. Zoona zake n'zakuti ndi zikondwerero zingapo, chilichonse ndi ofesi yake komanso thumba lake: International Festival, Fringe, chionetsero cha asilikali chotchedwa Tattoo, cha mabuku, cha mafilimu, cha zojambulajambula, ndi cha nyimbo za jazz chimene chimatsogola mu Julaye. Chachikulu mwa zonsezi chidayambitsidwa ndi anthu amene sadaitanidwe n'komwe.

Nkhaniyi idayamba nkhondo yachiwiri yapadziko lonse isanathe. Rudolf Bing adabadwira ku Vienna mu 1902 m'banja la Chiyuda, ndipo ankagwira ntchito m'mabwalo a opera ku Germany mpaka pamene Hitler adalowa m'boma. Mu 1934 adafika ku England kukathandiza kuyambitsa Glyndebourne, bwalo la opera limene munthu wachuma John Christie adamanga pakhomo pake ku Sussex. Opera ndi sewero loimba kuyambira poyamba mpaka pamapeto, ndipo imadya ndalama kuposa luso lina lililonse la pasiteji. Nkhondo itabuka Glyndebourne idatsekedwa, m'nyumbamo n'kudzaza ana othawitsidwa mabomba ku London. Funso limene linkamusowetsa tulo Bing linali lakuti nkhondo ikadzatha ndani adzalipire oimba, poti thumba la Christie lokha silikanakwanitsanso. Iye ankaganiza kuti mizinda ya nyimbo ya ku Germany ndi Austria idzatenga zaka kuti idzuke, choncho mzinda wina wa ku Britain ukanatha kulowa m'malo mwake, n'kumalemba ganyu Glyndebourne chaka ndi chaka. Pambuyo pake anthu adalankhula zambiri zokoma, kuti chikondwererochi chidabadwa kuti chiyanjanitse mitundu imene inkaphana. Zimenezo n'zoona. N'zoonanso kuti woyambitsayo ankasaka ntchito ya kampani yake.

Maso ake adayamba agwera pa Oxford, koma sizidatheke. Chakumapeto kwa 1944 adakumana ku London ndi Henry Harvey Wood, woimira British Council ku Scotland, amene adamuuza kuti ayang'ane ku Edinburgh. Mzindawo mabomba sadauononge kwenikweni, unali ndi holo yaikulu ya nyimbo, Usher Hall, njanji yochokera ku London, ndi linga lakale pamwamba pa thanthwe limene limaoneka kulikonse munthu angaime. Mfumu ya mzinda, Sir John Falconer, idavomera ngakhale makhansala ambiri ankaona ngati misala. Ndalama zoyambira zina zidachokera ku khonsolo ndi ku bungwe la boma loona za luso, koma zimene anthu amakonda kusimba ndi mapaundi 10,000 ochokera kwa Lord Rosebery, amene hatchi yake Ocean Swell idapambana mpikisano wa Derby mu 1944.

Chaka cha 1947 sichinali chaka chochitira phwando. Chisanu cha kumayambiriro kwa chakacho chinali choopsa, malasha adasowa, ndipo nyama, shuga, buledi ndi zovala ankagula ndi makuponi. Mahotela anali ochepa, moti mabanja ambirimbiri adatsegula zipinda zawo kuti alendo agonemo. Nduna yoona za malasha ndi magetsi, Emanuel Shinwell, italetsa kuwalitsa linga usiku, eni mzinda adati ali okonzeka kudzimana malasha a m'nyumba zawo, ndipo boma lidagonja, lingalo n'kuwala kwa masiku angapo. Chikondwerero cha International Festival chidatsegulidwa pa 24 Ogasiti ndi mapemphero mu tchalitchi cha St Giles. Glyndebourne idabweretsa Macbeth ya Verdi ndi Le nozze di Figaro ya Mozart, Louis Jouvet adabwera ndi gulu lake kuchokera ku Paris, Margot Fonteyn adavina. Koma chimene chidakhudza anthu kwambiri chinali kuona Bruno Walter ataimanso kutsogolo kwa gulu la Vienna Philharmonic. Walter, Myuda, adathamangitsidwa ku Germany mu 1933 n'kuchokanso ku Vienna mu 1938. Tsopano anali kutsogolera oimba a mzinda umene udamutaya, m'nyimbo za Mahler zimene a Nazi adaletsa, ndipo woimba wamkazi anali Kathleen Ferrier, amene kale ankagwira ntchito yolumikiza matelefoni ku Lancashire.

Pandandanda wokongolawo panalibe sewero ngakhale limodzi la ku Scotland. Okonza ankafuna zapamwamba zapadziko lonse, ndipo zapakhomo sadaziwerengere. Ndiye magulu 8 a zisudzo, 6 a ku Scotland ndi awiri a ku England, adangonyamuka n'kubwera. Sadapangane, analibe mtsogoleri, analibe dzina. Aliyense adadzipezera poimira. Glasgow Unity Theatre, gulu la anthu apantchito lokonda ndale za kumanzere, lidasewera The Lower Depths ya Maxim Gorky m'chilankhulo cha m'misewu ya Glasgow. A Christine Orr Players adachita Macbeth wawo ku YMCA. Ena adaonetsa zidole m'chipinda chodyera cha nyumba ya kanema, ndipo sewero lakale lachipembedzo la Everyman lidachitikira kutsidya kwa mtsinje wa Forth, ku Dunfermline Abbey. Paukwati uliwonse pamakhala anthu ofika opanda kadi, amene amadya n'kumapita mwakachetechete. Awa adafika ndi ng'oma zawo n'kuyambitsa gule wawo kuseri kwa mpanda. Dzina lakuti Fringe lidabwera chaka chotsatira, kuchokera m'nkhani ya m'nyuzipepala imene adalemba Robert Kemp. Mu 1947 momwemo bungwe la Edinburgh Film Guild, nalonso poona kuti kanema wasiyidwa kunja, lidakonza sabata yoonetsa mafilimu a zochitika zenizeni, ndipo apo ndi pamene padamera chikondwerero cha mafilimu.

Chidzudzulo chakuti panalibe sewero la ku Scotland chidamveka. Mu 1948 okonza adaika pandandanda Ane Satyre of the Thrie Estaitis, sewero la Sir David Lyndsay limene lidaonetsedwa ku Edinburgh mu 1554 n'kugona zaka pafupifupi 400. Ndi sewero lonyoza ansembe adyera, olemera ndi amalonda, momwe mmphawi amaimirira n'kuwanena pamaso. Tyrone Guthrie, amene adapatsidwa ntchito yolikonza, adayendera maholo a mumzinda osakhutira, mpaka adalowa mu Assembly Hall, momwe akuluakulu a Church of Scotland amachitira msonkhano wawo wa pachaka. Mipando ya mmenemo imazungulira mbali zitatu. Guthrie adamanga siteji yolowa pakati pa anthu, ochita sewero n'kumadutsa m'tinjira ta pakati pa oonera. Zidayenda bwino koposa, ndipo kamangidwe kameneko adapita nako ku Stratford ku Canada mu 1953 ndi ku Minneapolis mu 1963, kenaka mabwalo ambiri atsopano adatengera. Mpingo wa Chipresibateriya, umene makolo ake ankadana ndi zisudzo, ndiwo udabwereketsa holoyo. Amalawi holo imeneyi ili m'mbiri yathu pa chifukwa china: mu Meyi 1959, Dr Banda ndi anzake ali m'ndende, m'menemo ndi momwe msonkhano wa mpingowo, motsogozedwa ndi mawu a George MacLeod, udapempha boma la Britain kuti lipereke mphamvu kwa anthu akuda a ku Nyasaland.

Asilikali adalowa mu 1950 ndi Tattoo yoyamba pabwalo la kutsogolo kwa linga: zitoliro zamatumba, ng'oma, perete, ndipo kumapeto woimba chitoliro mmodzi pamwamba pa khoma. Mpaka lero anthu opitirira 200,000 amaionera chaka chilichonse, mvula kaya mphepo, ndipo ambiri mwa iwo sapondako ku opera kapena ku Fringe.

Pali chikondwerero china chimene chidakhala zaka zochepa koma chidasiya chizindikiro chachikulu. Mu 1951 mabungwe a anthu apantchito, kuphatikizapo a m'migodi ya malasha, pamodzi ndi a chipani cha Labour ndi achikomyunizimu, adati matikiti a Bing ndi omulowa m'malo ndi a anthu amataye okha. Adayambitsa Edinburgh People's Festival, yamitengo yotsika. Pa 31 Ogasiti chaka chimenecho Hamish Henderson, mlakatuli amene ankayenda m'midzi kutolera nyimbo zakale, adasonkhanitsa mu Oddfellows Hall oimba amene anthu a mumzinda anali asanawamvepo: Flora MacNeil wa pachilumba cha Barra woimba m'Chigaeliki, Jimmy MacBeath amene moyo wake wonse ankaimba m'misika ndi m'mafamu, asodzi ndi alimi a kumpoto. Munthu wa ku America Alan Lomax adajambula mawu a usiku umenewo. Anthu ophunzira a ku Edinburgh ankadziwa nyimbo za makolo awo zitakonzedwa kale, zoimbidwa pa piyano ndi munthu wovala suti. Apa adazimva mmene eni ake amaziimbira, popanda chida chilichonse, ndipo olemba mbiri ambiri amati kutsitsimuka kwa nyimbo zamakolo ku Scotland kudayambira m'holo imeneyo. Koma inali nthawi ya mantha ndi Russia. Chakumapeto kwa 1952 chipani cha Labour ndi bungwe lalikulu la apantchito ku Scotland adachikana chikondwererocho kuti n'chida cha achikomyunizimu, thandizo lidauma, ndipo pofika 1954 chidatha.

Fringe yokha idapitirira chifukwa panalibe woigwira pakhosi. Ophunzira a pa yunivesite ya Edinburgh ankathandiza magulu obwera kupeza pogona ndi chakudya chotchipa, kenaka padabwera kabuku kamodzi kolembamo masewero onse ndi malo amodzi ogulitsira matikiti. Pofika 1959 magulu 19 anali pansi pa bungwe lawo, Festival Fringe Society, ndipo m'malamulo ake adalembamo mfundo imene mbiri yonseyi yatsamirapo: bungwelo silidzasankha kapena kupima sewero la munthu. Amene ali ndi chooti aonetse, ndipo wapeza malo omulola, walowa. Palibe komiti, palibe woweruza. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi ndi yolimba mtima kuposa chilichonse chimene International Festival idachitapo, chifukwa kuvomera aliyense n'kuvomeranso zinyalala, ndipo ku Fringe zinyalala zimakhalako zambiri chaka chilichonse. Koma komiti iliyonse yosankha imasankha zofanana ndi zimene idakondapo kale, ndipo chatsopano chenicheni sichifanana ndi chilichonse.

Akuluakulu a International Festival adayamba kumva kutentha. Mu 1960 mkulu wake Robert Ponsonby, potopa ndi anyamata a m'mayunivesite amene ankamulanda anthu ndi nthabwala za usiku, adasonkhanitsa anayi a ku Oxford ndi Cambridge, Peter Cook, Dudley Moore, Alan Bennett ndi Jonathan Miller, n'kuwaika pandandanda wake ku Royal Lyceum. Seweroli, Beyond the Fringe, lidanyoza nduna yaikulu Harold Macmillan poyera, chinthu chimene sichinkachitika pasiteji ku Britain, ndipo lidapita ku London ndi ku New York. Anthu ambiri mpaka pano amaganiza kuti linali la Fringe, chonsecho adalikonza kuti aigwetse Fringe.

Tisaiwale mtundu wa mzinda umene zonsezi zinkachitikiramo. Edinburgh ya nthawi imeneyo inkasunga Sabata mwamphamvu, mabala ankatseka 10 koloko usiku ndipo Lamulungu sankatsegula, mpaka lamulo lidasintha mu 1976. Mumzinda wotere wofalitsa mabuku John Calder adaitanitsa mu 1962 msonkhano wa alembi mu McEwan Hall, kudabwera Norman Mailer, Henry Miller, William Burroughs, Mary McCarthy ndi Muriel Spark, ndipo pamaso pa anthu ambirimbiri adakambirana za chiwerewere, mankhwala ozunguza bongo ndi kuletsedwa kwa mabuku. Hugh MacDiarmid, mlakatuli wamkulu wa Scotland, adatukwanizana ndi mlembi wachinyamata Alexander Trocchi pa funso lakuti mlembi wa ku Scotland ayang'ane kwawo kapena kunja. Chaka chotsatira, pamsonkhano wa zisudzo m'holo yomweyo, mtsikana wosavala adadutsitsidwa pakangolo pamwamba pa khonde kwa masekondi owerengeka. Nyuzipepala zidachita phokoso, abusa adalalikira, makhansala adaopseza za ndalama, nkhani idafika kukhoti ndipo mtsikanayo adapezeka wosalakwa. Mu Januwale 1963 momwemo Jim Haynes, Richard Demarco ndi anzawo adatsegula Traverse Theatre m'kachipinda ka mipando pafupifupi 60 ku Lawnmarket, m'nyumba imene kale inali ya mahule, kuti mzimu wa Ogasiti ukhalepo chaka chonse. Adailembetsa ngati kalabu ya mamembala, motero idazemba ofesi ya boma imene inkapima masewero mpaka 1968.

Mu 1966 ophunzira a ku Oxford adabweretsa sewero la mtolankhani wosadziwika, Tom Stoppard, lotchedwa Rosencrantz and Guildenstern Are Dead, m'kaholo ka pa Cranston Street. Oonera anali ochepa. Koma Ronald Bryden wa nyuzipepala ya The Observer adaliyamikira kwambiri, a National Theatre ku London adawerenga, ndipo chaka chotsatira seweroli linali pasiteji yawo. Kuyambira pamenepo wachinyamata aliyense wokwera sitima yopita ku Edinburgh amanyamula nkhani imeneyi m'mutu. Mu 1973 nyuzipepala ya The Scotsman idayambitsa mphoto za Fringe First za masewero atsopano, ndipo pofika 1981 magulu adakwana 494.

Chodabwitsa n'chakuti mzinda umene udatchuka ndi opera unalibe bwalo loyenera opera. Maria Callas mu 1957 adaimba mu King's Theatre, yopanikiza kuseri kwa siteji. Khonsolo idagwetsa nyumba pa Castle Terrace m'zaka za m'ma 1960 kuti imangepo bwalo latsopano, koma makhansala adakangana za mtengo mpaka dzenjelo lidakhala pululu zaka zoposa 20, anthu n'kumaliseka. Mpumulo udabwera mu 1994 pamene bwalo lakale la Empire, limene lidasanduka nyumba ya bingo, lidakonzedwa kukhala Festival Theatre. Eni Edinburgh akhala akukonda ndalama za alendo kuposa kulipirira zimene zimawabweretsa.

Chaka cha 1981 ndicho chidasintha nkhope ya Fringe. William Burdett-Coutts, wobadwira ku Zimbabwe, ankafuna malo a sewero limodzi, koma adapezeka atabwereka nyumba yonse ya Assembly Rooms pa George Street, n'kuigawa m'zipinda zingapo, chilichonse chikusinthana masewero kuyambira m'mawa mpaka pakati pa usiku. Pleasance idatsatira mu 1985, Gilded Balloon ya Karen Koren mu 1986, Underbelly mu 2000. Mu 1981 momwemo kampani ya madzi a m'botolo ya Perrier idayambitsa mphoto ya anthabwala, ndipo oyamba kuilandira anali a Cambridge Footlights, momwe munali Stephen Fry, Hugh Laurie ndi Emma Thompson. Munthu wanthabwala safuna zovala zapadera kapena katundu wa pasiteji. Maikolofoni imodzi yakwana. Kwa mwini malo ameneyo ndiye wotchipa ndi wopindulitsa, ndipo a wailesi yakanema adayamba kubwera kudzasaka nkhope zatsopano. Pofika 2008 nthabwala zidaposa zisudzo m'kabuku ka Fringe. M'zaka zomwezo banja lidakula: jazz idayamba mu 1978, chikondwerero cha mabuku chidakhoma matenti ake mu Charlotte Square mu 1983, poyamba kamodzi pa zaka ziwiri kenaka chaka chilichonse kuyambira 1997, ndipo cha zojambulajambula chidabwera mu 2004, chaka chimene UNESCO idatcha Edinburgh mzinda woyamba wa zolembalemba.

Apa m'pofunika kumvetsa mmene ndalama zimayendera, chifukwa International Festival ndi Fringe zimayenda mosemphana. Ku International Festival mkulu wa chikondwerero amasankha, amaitana, n'kulipira. Ku Fringe wochita sewero ndiye amalipira. Amapereka mapaundi mazana angapo kuti dzina lake lilowe m'kabuku. Amachita lendi ola limodzi patsiku m'chipinda, ndipo kawirikawiri mgwirizano umati ndalama za pakhomo azigawana, iye zambiriko, koma pali ndalama ina imene mwini malo ayenera kulandira ngakhale mipando ikhale yopanda anthu. Pamwamba pa apo pali zikwangwani, timapepala toitanira anthu, wofalitsa nkhani, thiransipoti, chakudya ndi pogona kwa milungu itatu ndi theka. Masana amaima pa Royal Mile, msewu wotsika kuchokera ku linga, atavala zovala za sewero, kugawira timapepala anthu amene m'manja mwawo mwadzaza kale ena. Usiku amadikira olemba ndemanga, amene amapereka nyenyezi kuyambira imodzi mpaka zisanu; zikakhala zinayi kapena zisanu amazisindikiza msangamsanga n'kukazimata pazikwangwani zake zonse. Ambiri amabwerera kwawo ndi ngongole. Bungwe la Fringe silisankhadi, koma malo akuluakulu amasankha amene akumufuna, ndipo thumba limasankha amene angafike n'komwe. Pokana zimenezi wanthabwala Peter Buckley Hill adayambitsa Free Fringe mu 1996: mwini bala amapereka chipinda ulere podalira kugulitsa mowa, oonera amalowa ulere, ndipo potuluka amaponya zimene angathe m'ndowa imene wosewerayo wagwira pakhomo. Osaitanidwa nawonso adapeza osaitanidwa awo.

Chimawakokabe n'chakuti nkhani ya Stoppard imachitikadi nthawi ndi nthawi. Black Watch ya Gregory Burke, yonena za asilikali a ku Scotland ku Iraq, idayambira mu holo yophunzitsira asilikali mu 2006 n'kuzungulira dziko. Phoebe Waller-Bridge adasewera Fleabag yekhayekha pampando ku Underbelly mu 2013. Six, sewero loimba la akazi 6 a mfumu Henry VIII, adalilemba ophunzira awiri a ku Cambridge n'kulionetsa mu 2017, ndipo lidafika mpaka ku Broadway. Baby Reindeer ya Richard Gadd inali sewero la munthu mmodzi mu 2019 isanafike pa Netflix. Kummwera kwa Africa kuno njira imeneyi ena adaidutsa. Woza Albert! ya Percy Mtwa, Mbongeni Ngema ndi Barney Simon, yofunsa chimene chikanachitika Yesu akanabwerera ku South Africa ya tsankho, idafika ku Edinburgh mu 1982. Soweto Gospel Choir idadzaza holo mu 2003 isanayambe kulandira mphoto za Grammy. Mu 2012 Mies Julie ya Yaël Farber idakolola mphoto, ndipo Trevor Noah adachita nthabwala ku Pleasance patatsala zaka zitatu kuti atenge The Daily Show. Onsewa ndi a ku South Africa, dziko lokhala ndi mabwalo ndi othandiza okhoza kulipira ndege ndi lendi. Kwa ena a ku Africa, ngakhale ndalama zitapezeka, pamatsala viza. Mu 2018 mkulu wa chikondwerero cha mabuku, Nick Barley, adadandaula poyera kuti alembi pafupifupi 12, ambiri a ku Africa ndi ku Middle East, adakanizidwa zitupa zolowera ku Britain ngakhale anali oitanidwa ndi kalata, ndipo zidatengera aphungu ndi akazembe kulowererapo.

Mu 2019 Fringe idafika pachimake: masewero opitirira 3,800 m'malo oposa 300, ndi matikiti opitirira 3 miliyoni. Eni mzinda ambiri anali atatopa. Nyumba za m'katikati mwa Old Town zinkagulidwa n'kusandutsidwa za alendo a pa Airbnb, lendi inkakwera, mapaki ankatchingidwa ndi mipanda, ndipo achinyamata ogwira ntchito m'malo ena ankadandaula za maola ambiri ndi malipiro ochepa. Kenaka pa 1 Epulo 2020 kudalengezedwa kuti chifukwa cha Covid-19 zikondwerero za Ogasiti sizichitika, koyamba chiyambire 1947. Mu 2021 zidabwerera mwapang'ono, International Festival ikuimbira m'matenti akuluakulu otseguka m'mbali. Mu 2022, pamene khamu lidabwereradi, ogwira ntchito yotola zinyalala adanyanyala kwa masiku 12 pakati pa chikondwerero pofuna malipiro, ndipo alendo adayenda pakati pa milu ya makapu, mabokosi a chakudya ndi timapepala toitanira anthu tija. Adasankha bwino nthawi yawo: mzinda wonse udaona amene amanyamula Ogasiti pamsana.

Mavuto sadathere pomwepo. Mu Okutobala 2022 bungwe loyendetsa chikondwerero cha mafilimu lidagwa ndi ngongole, nyumba ya kanema ya Filmhouse n'kutsekedwa. Chikondwererocho adachidzutsanso mu 2023, ndipo Filmhouse idatsegulidwanso mu 2025 anthu atasonkha ndalama. Cha mabuku chidasiyana mu 2024 ndi kampani ya Baillie Gifford, imene idachithandiza zaka 20, alembi ena atakana ndalama zokhudzana ndi makampani a mafuta. Greta Thunberg anali atakana kale kubwera chaka chapitacho pa chifukwa chomwecho. Okanawo anali ndi mfundo, koma kampaniyo itachoka sipadapezeke wina woyera m'manja wodikira pakhomo ndi cheke. Ku International Festival, mpando umene adayamba kukhalapo Bing udaperekedwa mu 2022 kwa woimba vayolini Nicola Benedetti wa ku Ayrshire, mayi woyamba komanso munthu woyamba wa ku Scotland kuukhala patatha zaka 75.

Nkhani imene ikuvuta kwambiri tsopano ndi ya pogona. Lamulo lofuna ziphaso kwa obwereketsa nyumba kwa masiku ochepa lidayamba kugwira ntchito mokwanira mu Okutobala 2023 pofuna kubwezera nyumba kwa eni mzinda, ndipo osewera akuti zipinda za Ogasiti zachepa n'kukwera mtengo, moti ena amagona m'matenti kunja kwa mzinda, ena amafupikitsa masewero awo kukhala sabata imodzi kapena ziwiri. Wokhala mumzinda akufuna nyumba ya chaka chonse, wosewera akufuna bedi la mwezi umodzi, ndipo chipinda chake ndi chimodzi chomwecho. Mu Januwale 2025 khonsolo idavomereza msonkho wa alendo, woyamba wotere ku Scotland: 5 peresenti pa mtengo wa chipinda, kwa masiku asanu oyamba, ndalama zake zopita ku ukhondo wa misewu, nyumba zotsika mtengo ndi ntchito za luso. Tsiku loyambira adaliika pa 24 Julaye 2026, kutatsala milungu iwiri kuti Fringe itsegule, ndipo wosewera wochita lendi chipinda ayenera kuulipira mofanana ndi mlendo wodzaonera.